Emelda Chalwe ndi Sewero Lomwe Silinaonetsedwe

Emelda Chalwe anabadwira ku Mtendere mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, ndipo anayamba zisudzo asanadziwe kuti zili ndi dzina. Ali wamng'ono ankakonda kutsanzira anthu pampopi pomwe azimayi ankadikira madzi. Ankayenda ngati landilodi wawo, mimba patsogolo, makiyi akulira m'thumba, kenaka n'kusintha mawu kukhala kondakitala wa minibasi woitanira anthu opita ku tauni. Azimayi ankaseka mpaka kuiwala zigubu zikusefukira. Ena ankamugulira chitumbuwa, ena ankakamunenera kwa mayi ake kuti mwanayu akula wopanda ulemu.

Mayi ake, ba Petronella, anali antchito a m'nyumba ku Kabulonga. Anachoka ku Katete ali mtsikana n'kukwatiwa ndi dalaivala wa ku Mufulira, yemwe anamwalira Emelda akadali ku pulayimale. Tsiku lililonse ba Petronella ankalowa m'chigulu cha anthu oyenda pansi kupita kumayadi, n'kumadutsana ndi alonda obwerera kwawo maso ali psuu. Analera ana a eni ambiri, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwagoneka, pomwe wawo ankakula ndi kiyi wa nyumba atamangidwa pachingwe m'khosi.

Emelda atakhoza bwino n'kupeza malo ku yunivesite, analembetsa maphunziro a uphunzitsi pamodzi ndi zisudzo. Mayi ake anamva mawu achiwiriwo n'kuika pansi mbale yomwe ankatsuka.

"Vamasewera vimadyesa munthu?" anafunsa.

"Nizankhala tichala, amai. Masewera ni vongoikapo chabe pamwamba."

Ananena choncho kuti mtima wa mayi ake ukhale pansi. Kwa iye uphunzitsi ndiwo unali chongoikapo.

Pa yunivesitepo panali gulu la zisudzo lotchedwa Mbaula. Linali lakale kuposa ophunzira onse omwe anali mmenemo, ndipo linkakumana m'holo yakutha kumapeto kwa sukulu, pafupi ndi mitengo ya bulugama. Denga lake linkadontha, mabenchi ena anali opanda mwendo, koma munali siteji yamatabwa, makatani akuda, magetsi owunikira ochita sewero, ndi kachipinda kodzaza zovala zonunkha fumbi: mikanjo ya oweruza, mayunifolomu a apolisi akale, zisoti za m'migodi. Aliyense wophunzira zisudzo ankaphunzirira mmenemo. Za m'kalasi zinali zolemba chabe. Ntchito yeniyeni inali m'holomo masana, makalasi akatha.

Woyendetsa gululo anali ba Mpundu, mphunzitsi wamfupi wa ndevu zotuwa, yemwe sankakwera pasiteji atavala nsapato. Tsiku loyamba anauza atsopano kuti aliyense aonetse chomwe amatha. Emelda anatulutsa landilodi wake uja, holo yonse n'kugwa ndi phwete. Ba Mpundu okha sanaseke.

"Watisekesa, zikomo," anatero. "Manje niuze. Landilodi wako akankhala yekha mu nyumba, chitseko chili chokhoma, amaopa chani?"

 Emelda anali asanaganizepo kuti munthu uja angaope kanthu. Anapita kwawo atakwiya, koma sabata yonseyo ankangomuyang'ana landilodiyo, mpaka anazindikira kuti bamboyo ankaliza makiyi kwambiri akamadutsa pakhomo pa mwana wake wamwamuna yemwe sankalankhulana naye. Kuyambira pamenepo Emelda anasiya kungotsanzira anthu, anayamba kuwaphunzira.

M'gulumo anapezamo mnzake, Silas Kabwe wa ku Chawama, mnyamata wamtali woonda yemwe thupi lake linkamumvera ngati dongo. Ankatha kukhala nkhalamba popanda kupaka ufa kumutu. Ankangogwetsa phewa limodzi, n'kusintha kapumidwe, anthu n'kuyamba kumupatsa njira. Ba Mpundu sankakonda kuyamikira munthu pamaso, koma za Silas anauzapo ena kuti mnyamatayu akadzapeza siteji yabwino dziko lidzamudziwa.

Lamulo la maphunzirowo linali lakuti wa chaka chomaliza aliyense alembe sewero lake, alikonze ndi anzake a m'gulu, n'kulionetsa pamaso pa anthu. Emelda analemba la mayi wantchito wa m'nyumba, n'kulitcha Geti Lakumbuyo. Nkhani zake ankazitola Lamlungu masana akamachapa ndi mayi ake: za madamu yemwe ankaika chizindikiro pabotolo la mafuta ophikira, za kamwana komwe kanayamba kuitana wantchito kuti amayi, mayi ake enieni n'kumuchotsa ntchito wantchitoyo chifukwa cha nsanje. Ba Petronella ankangofotokoza, osadziwa kuti mawu awo akupita kuti. Silas anatenga mbali ya mlonda wokalamba wa pageti, mtsikana wina dzina lake Sampa anakhala madamu, ndipo wantchitoyo anali Emelda mwini.

Tsiku loonetsa litadziwika, Emelda anawauza mayi ake kuti adzabwere. Ba Petronella anali asanapondepo pa yunivesite. Anapempha kuntchito kuti Loweruka limenelo adzaweruke msanga, ndipo anakasoketsa diresi lachitenge chobiriwira kwa telala wa pamsika. Litatha analipachika kuseri kwa chitseko litakutidwa ndi pepala la pulasitiki.

Patatsala masabata ochepa, Emelda ndi anzake anafika kuholo masana n'kupeza lole itaima pakhomo, amuna ovala maovolo akutulutsa mabenchi. Makatani anali atatsitsidwa kale, ataunjikidwa pansi ngati matumba a makala. Ba Mpundu anali atakhala pang'oma yaikulu pakati pa siteji, nsapato zili kuphazi.

Anadikira kuti onse afike, kenaka anawauza. Akuluakulu a sukulu anali atagamula kuti gulu la Mbaula lithe. Holoyo ikonzedwa kuti mukhale makompyuta a ophunzira a madzulo. Maphunziro a zisudzo apitirira, koma m'kalasi mokha, ndipo a chaka chomaliza alemba pamapepala mmene akanakonzera masewero awo. Iwowo ba Mpundu ntchito yawo ithera kumapeto kwa temu.

"Nayesa kukamba nao," anatero. "Nayenda mu maofesi onse. Banimvera bwino, banipasa na tiyi. Koma vinthu vinasila kudala, ise tikalibe kumva."

"Nanga sewero yanga?" anafunsa Emelda.

Ba Mpundu anamuyang'ana, natsegula manja awo, n'kuwabwezanso pamaondo.

Ophunzirawo sanangokhala. M'mawa mwake anayenda ndi ng'oma kupita ku maofesi a akuluakulu akuimba. Anali ochepa. Anzawo a maphunziro ena, omwe amatseka msewu ndi miyala ndalama za chakudya zikachedwa, anangoima m'makonde n'kumajambula ndi mafoni, ena akuganiza kuti ndi sewero latsopano. Bwana wina wa tayi anatuluka, nawamvetsera mofatsa, nawauza kuti palibe amene watsekeredwa maphunziro ndipo madigiri awo alandira pa nthawi yake. Anawathokozanso chifukwa cha nyimbo zabwino. Sampa anapeza mpata pa wailesi ina ya m'tauni, koma anangolankhula pang'ono pakati pa zotsatsa malonda, ndipo omwe anaimba foni ankafunsa ngati dziko losowa madokotala lingamalirire anthu ovina.

Gululo linabalalika mwakachetechete. A chaka choyamba ndi chachiwiri ambiri anasintha maphunziro, makolo awo atamva kuti ngakhale yunivesite yomwe yaona kuti zisudzo n'zopanda pake. Otsalawo ankakhala m'kalasi n'kumakopera za kaunikidwe ka siteji kuchokera pabolodi, asanagwirepo getsi ndi limodzi lomwe. Zovala za m'kachipinda zija zinatayidwa kuseri kwa holo, mvula n'kuzinyowetsa. Emelda podutsa tsiku lina anaona wosesa m'misewu ya pasukulupo atavala mkanjo wa woweruza podziteteza ku mphepo.

Emelda analemba zomwe anauzidwa kulemba. Anafotokoza pamapepala pomwe Silas akanaima, pomwe getsi likanazimira, nthawi yomwe wantchito akanavula epuloni n'kuipinda. Anakhoza bwino kwambiri. Wochonga, yemwe sankamudziwa n'komwe, analemba pansi pake kuti seweroli likanakhala losangalatsa kulionera.

Kuwauza mayi ake ndiko kunamuvuta. Anazengereza mpaka Lachisanu la sabata yomwe sewerolo likanaonetsedwa.

"Amai, mailo musavutike kubwera. Batseka."

"Batseka chani?"

"Gulu yathu. Na holo yonse."

"Munalakwa chani?"

"Kulibe vamene tinalakwa."

 Pa moyo wawo ba Petronella anali atachotsedwapo ntchito osalakwa, choncho sanafunsenso zambiri. Loweruka anagwira ntchito tsiku lonse monga mwa masiku onse, ndipo diresi lija analivala Lamlungu popita kutchalitchi.

Emelda sanafune kuti sewerolo life choncho. Anakapempha holo ya kutchalitchi kwawo, akulu a mpingo n'kuvomera, koma anati madamuyo alape pamapeto ndipo wantchito amukhululukire, onse aimbe nyimbo yotamanda. Emelda anakana. Kusukulu ya pulayimale anamuuza kuti makalasi onse amabwerekedwa ndi mipingo kumapeto kwa sabata. Potsiriza mwini bala ina ku Kalingalinga anawalola kugwiritsa ntchito bwalo lakuseri kwake Lamlungu masana, poganiza kuti zikoka makasitomala. Emelda sanawaitane mayi ake kumalo amenewo.

Tsikulo Sampa sanabwere. Anali atapeza ganyu yovina pamwamba pa lole yotsatsa sopo, ndipo anatumiza uthenga wopepesa. Mbali ya madamu anaipereka kwa mtsikana wina yemwe ankawerenga mawu ake papepala. Magetsi anali atazima m'dera lonselo, jenereta ya pabalapo ikulira, ndipo mkati anthu ankaonera mpira. Emelda ankachita kukuwa mawu omwe anawalemba kuti anenedwe monong'ona. Atafika pomwe madamu akumuneneza wantchito kuti waba mafuta, bambo wina woledzera anadzuka pa kireti, nalowa pakati pawo, nayamba kumulangiza Emelda kuti amumenye mbama madamuyo. Anthu anaseka. Silas anayesa kumutulutsa mwaulemu ali m'mbali yake ya mlonda, koma mkati munamveka chigoli, onse n'kuthamangira komweko, woledzera uja ali pambuyo. Anatsala akuonera anali ana okhaokha omwe anakwera pampanda. Sewerolo linathera pamenepo, pakati.

Digiri Emelda analandiradi pa nthawi yake. Ba Mpundu anali atapita kale kwawo ku Kasama, ndipo foni yawo inasiya kupezeka. Emelda analembetsa pa ofuna ntchito ya uphunzitsi m'boma n'kuyamba kudikira, monga ankadikirira anzake ambirimbiri.

Mvula itabwera, kolera inabuka m'makomboni, ndipo bungwe lina linayamba kufuna achinyamata ochita timasewero tophunzitsa anthu ukhondo. Emelda analowa. Ankakwera lole yokhala ndi zokuzira mawu kupita ku Kanyama, ku George, ku Misisi, m'misewu yomwe madzi ankafika m'maondo. Akafika pamsika ankaimba ng'oma, anthu n'kuzungulira. Mbali yake inali ya Amake Doti, mayi wosasamba m'manja, wodya mango osatsuka, yemwe amagwira m'mimba, n'kuthamangira kuseri kwa chiguduli, n'kugwa pansi kufa. Kenaka munthu wa bungwe ankabwera ndi botolo la klorini n'kufotokoza. Emelda ankafa m'mawa, kufanso masana, nthawi zina kufanso dzuwa likupendeka. Tsiku lina anayesa kumupatsa Amake Doti chifukwa chake, kuti kumpopi madzi sanatuluke masiku angapo ndipo sopo anatha. Woyang'anira anamukokera pambali n'kumuuza kuti asasokoneze uthenga.

Lole ija inafikanso ku Mtendere. Emelda ali chigonere m'matope, diso limodzi litatseguka pang'ono, anaona mayi ake ataima kumbuyo kwa anthu, atavala yunifolomu ya kuntchito, ambulera ili m'manja. Anthu ankaseka, ana akukuwa kuti, "Amake Doti bafa!" Ba Petronella sankaseka.

Kunyumba anamutenthetsera madzi osamba, nachapa chitenge chamatope chija. Akuchiyanika anafunsa, osati monyoza, koma ngati munthu wofunadi kudziwa:

"Nivamene munali kuphunzira vija, vaka vonse?"

Emelda anatsegula pakamwa kuti afotokoze za siteji, za magetsi, za Geti Lakumbuyo, koma anaona kuti palibe pogwira. Zonse zomwe akanaloza zinali zitachotsedwa.

"Ni vina vake, amai," anatero.

Mvula itatha, ganyu ija inathanso. Dzina lake silinatuluke pa olembedwa ntchito chaka chimenecho. Ba Petronella anayamba kuda nkhawa kuti mwina mapepala a mwana wawo anamangidwa ndi anthu ansanje, ndipo mnzawo wa kuntchito anawauza za mneneri wina yemwe ankapempherera anthu mu tenti yaikulu ku Matero. Emelda sanafune, koma anatopa kukana, ndipo Lamlungu lina anapita nawo.

Mu tentimo munali anthu osawerengeka. Kutsogolo kunali nsanja yaitali yokhala ndi makatani ofiira, magetsi amitundumitundu ndi makamera. Ataimba nthawi yaitali, mneneri anaitana odwala. Anyamata awiri anabwera atagwirizira munthu wopuwala, mwendo wake wamanzere utapindikira mkati, phewa limodzi litagwa, malovu akutsika pachibwano. Emelda anazindikira phewalo asanaone nkhope. Anali Silas.

Mneneri anamugwira pamutu, nafuula. Silas ananjenjemera, nagwa, nagubuduka. Kenaka anayamba kudzuka pang'onopang'ono, akuuyang'ana mwendo wake ngati sakuukhulupirira. Anauponda pansi, naubweza mwamantha, naupondanso. Sanathamange msanga monga amachitira ena. Anayenda masitepe ochepa ngati mwana wongophunzira kumene, kenaka anaphimba nkhope n'kulira mopanda mawu. Tenti yonse inaphulika. Emelda anali asanamuonepo Silas akuchita bwino chotero.

Pambali pa Emelda panali gogo wina yemwe mwendo wake unali wotupadi, wokulungidwa nsanza. Gogoyo ankalira, manja ali m'mwamba, akuyesa kudzikankhira kutsogolo, koma oyang'anira khamu ankamubweza. Ba Petronella nawonso misozi inali m'masaya. Iwo anali asanamuonepo Silas, ankangomva dzina lake.

Mapemphero atatha, Emelda anawasiya mayi ake pamzere wa ofuna madzi odalitsidwa n'kuzungulira kuseri kwa tenti. Anamupeza Silas pafupi ndi msewu, atasintha malaya, akudya chinangwa chokazinga. Atamuona sanathawe.

"Wanipenya?" anafunsa Silas.

"Nakupenya."

"Vinali bwanji?"

Emelda anafuna kumutukwana, koma chomwe chinatuluka chinali china. "Pa kuponda kwachiwiri paja unachita bwino."

Silas anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa.

"Kuli ambuya mukati muja," anatero Emelda. "Mwendo wao ni wotupa zoona. Bakhulupirira chifukwa cha iwe. Ku chipatala sibazayenda."

"Niziba. Nimabaona lyonse." Anataya kachidutswa ka chinangwa m'ngalande. "Emelda, nayenda konse. Ku ma TV bafuna nkhope yabwino, osati ine. Ku ma bungwe bafuna ovina. Mu Lusaka yonse, ni pano peka pali siteji, magetsi, na banthu bamene bankhala zii nikayamba. Niuze kwina, nizayenda mailo."



"Bafuna mukazi wa vibanda," anapitiriza Silas, maso ali kumsewu. "Bamene balipo bamangokuwa chabe. Iwe ungavichite bwino."

"Awe."

"Ganiza."

"Nakana, Silas."

Silas anagwedeza mutu ngati ankayembekezera yankho lomwelo. Minibasi ya ku tauni itaima, anakwera osatsazika.

Pobwerera, ba Petronella ankangokamba za mnyamata wochiritsidwa uja, botolo la madzi ali nalo pamiyendo. Emelda anayang'ana pawindo njira yonse. Akanawauza, akanawalanda chinthu chomwe chinawasangalatsa tsiku limenelo, ndiponso akanaulula mnzake kwa anthu omwe akanatha kumuvulaza. Sanawauze, ndipo mpaka lero sanauze aliyense wa ku Mtendere. Patapita miyezi anamva kwa Sampa kuti nkhope ya Silas inadziwika kwambiri mu Lusaka, ndiye anthu a mneneri uja anamutumiza ku Kitwe, komwe tsopano amakhala wakhungu n'kumachira.

Emelda panopa amaphunzitsa pa kasukulu kena ka munthu ku Chawama, komwe kale inali nyumba yogona. Amanyamuka m'mawa kukwera minibasi ziwiri. Makalasi analekanitsidwa ndi matabwa opyapyala osafika kudenga, moti wa giredi 5 akamawerenga, wa giredi 6 amamva zonse. Mwezi wake woyamba, pophunzitsa za msika, anaimiritsa ana n'kuwagawira mbali: wina wogulitsa tomato, wina wogula wovuta, wina wokhometsa msonkho. Ana omwe sankayankhula m'kalasi anayamba kutsutsana mitengo mokweza, kalasi yoyandikana nayo n'kukwera pamadesiki kusuzumira pamwamba pa matabwa. Mwini sukulu, ba Chisenga, anabwera akuthamanga. Sanakalipe. Anamuitanira panja n'kumuuza mofatsa kuti makolo amabweretsa ana kuti akhoze mayeso, ndipo phokoso lotere likamveka kumsewu adzawasamutsira kwina.

Emelda anapepesa. Anabwerera m'kalasi, nauza ana kuti akhale pansi atulutse makope, natenga choko n'kuyamba kulemba pabolodi mitundu ya misika.